Kuitana Komaliza kwa a Telala

A Makutu anayamba kugontha pang'onopang'ono, ndipo sanauze munthu. Inu mukananena, dzina lanu lili limenelo? Silinabwere chifukwa cha kukula kwa makutu, ngakhale kuti analidi otambalala bwino ndithu. Linabwera ndi luso. M'kalabu yawo ya anthu oyankhulana pa mawailesi a m'nyumba, aja amazika milongoti kuseri kwa khitchini n'kumakokerana mawu mumlengalenga, munalibe wina wakumva ngati iwo. Anzawo akamangomva phokoso lokhalokha ngati mafuta owira m'chiwaya, iwo ankatsinzina, n'kuimika chala, n'kunena kuti, "Muli munthu umu." Mukadekha, munthuyo ankatulukadi.

Zaka 34 anazithera m'fakitale yopanga misomali, akusamalira mamota ndi mawaya a magetsi. Amene analowamo m'malo otere akudziwa kuti makina akayamba kudula chitsulo, ngakhale mano amanjenjemera. Kampani inkagawa totseka m'makutu, koma iwo ankangotiponya m'thumba la ovololo, ati mota yodwala imadziwika ndi kulira kwake, ndiye dokotala angatseke bwanji makutu? Wailesi yawo yoyamba anaipeza kwa kapitawo wina amene ankapuma ntchito, yakufa, yonunkha makoswe. Anaikonza miyezi isanu, analemba mayeso, anatenga layisensi ndi nambala yawo yoitanira, ndipo kuyambira pamenepo akazi awo anadziwa kuti m'nyumba mwalowa mkazi mnzawo.

Nyumba anamanga pamwamba penipeni pa chitunda, kumene madzi a m'mipope amafika atatopa ndipo minibasi imakana kukwera. Abale anaseka. Iwo anangozika mlongoti wautali kuposa wa aliyense m'kalabumo. Chipinda cha wailesi chinali chosungiramo katundu, cha zenera limodzi. Tebulo lake linali chitseko chakale chogoneka pa madiramu awiri, ndipo pamwamba pake panali wailesi, maikolofoni yomangidwa ndi tepi, zitini za masikuluwu ndi kaundula wa zikuto zakuda. Singano ya pa wailesipo, ija imasonyeza mphamvu ya mawu olowa, inafa kalekale, koma iwo sanaikonze. Ankati singano ndi ya anthu opanda makutu. Pakhomo la chipindacho anaikapo babu lofiira, ndipo likayaka, mwana ngakhale atagwa pa mpando ankalirira mumtima.

Ntchito yawo yeniyeni, imene inawasunga fakitale itatseka, ana atakula n'kubalalika, inali ya Lamlungu. Lamlungu lililonse 4 koloko madzulo mamembala onse ankayatsa mawailesi awo, aliyense kwawo, ndipo a Makutu ankaitana nambala imodziimodzi motsata kaundula. Woitanidwa ankayankha n'kupereka nkhani zake: uyu mphepo yamugwetsera mlongoti, uyu akazi ake agonekedwa m'chipatala, uyu akufuna waya wokwana mamita khumi, uyu wayankhula ndi munthu wa kutsidya kwa nyanja zikuluzikulu ndipo sakufuna kuti tiiwale. A Makutu ankalemba zonse. Anakhala pa mpando wa woitana zaka 21, ndipo palibe anaganizako zowasuntha. Mayina anali 19 pamene ankayamba, anatsala 11.

Enawo anapita kuli chete, ndipo kalabu inali ndi njira yake yowatsanzikira. Lamlungu lachiwiri pambuyo pa maliro, woitana akatha kuitana amoyo, ankaitana nambala ya malemu katatu. Akaitana ankadikira, aliyense osakhudza maikolofoni. Kachitatu kakadutsa ankanena kuti, "Nambala iyi yakhala chete, ndipo malo ake pa mzere wathu satenga wina." Ankakoka mzere m'kaundula, basi. A Makutu anali atachita zimenezi kasanu ndi katatu, mawu osagwedezeka, ndipo ankanyadira.

Pa mzerewo nambala yomaliza inali ya a Telala, mnzawo wa zaka 30. A Telala ankakhala kuchigwa, kuseri kwa phiri, ulendo wa mabasi awiri. Anali munthu wowonda, wa pakamwa posapuma, amene ankasoka mayunifomu a sukulu pakhonde, tepi yoyezera ili m'khosi ngakhale pa ukwati wa mwana wake. Wailesi yawo anaipanga okha m'bokosi la makina osokera, ndipo waya wake anaumangirira ku mtengo wa kuseri kwa nyumba. Iwo ankamva a Makutu bwinobwino ngati ali m'chipinda chimodzi, koma mawu awo ankatuluka m'chigwamo ataonda ngati ulusi. M'kalabu yonse ndi mlongoti wa pachitunda wokha umene unkawagwira. Choncho a Telala akayankhula, a Makutu ankabwereza mawuwo kuti ena amve.

"Nthabwala zanga mumazidula miyendo inu," a Telala ankadandaula akakumana. "Ine ndimatumiza buluku, kwa anthu kumafika kabudula."

"Ndimachotsa mabodza okha," a Makutu ankatero.

Awiriwa anali ndi lamulo lawo lopusa limene ankalitenga ngati la m'buku: munthu wa wailesi saimbira mnzake foni. Foni ndi ya anthu olephera. Ya a Telala inkagona m'dirowa pamodzi ndi mabatani, batire itatha.

Zoyamba kusowa zinali mbalame. A Makutu anangoona kuti masiku ano pachitunda mbalame zatha, n'kumaimba mlandu anthu odula mitengo. Kenako ketulo inasiya kulira. Kenako akazi awo anayamba kuyankhula ngati ali ndi chinthu m'kamwa, mwina mwadala. Koma munthu amene anakhala moyo wake wonse akumvetsera mamota sangadzinamize nthawi yaitali. Kabatani kokwezera mawu pa wailesi anakalemba ndi pensulo pamene kankaima, ndipo miyezi itatu iliyonse chizindikirocho chinkasunthira kumanja. Mahedifoni anawasiya chifukwa ankawaliritsa m'mutu, n'kumagwiritsa sipika, itakwezedwa mpaka zitini za masikuluwu kumanjenjemera. Anzawo a mawailesi amphamvu ankawamvabe. Koma mawu a a Telala ankawasodza movutikira, mawu awiri apa, atatu apo, ena onse n'kudzazira okha popeza munthuyo ankamudziwa ngati chikhatho chawo.

Ankachita mantha, tinene zoona. Osati mantha a kugontha kwenikweni, koma a Lamlungu lopanda kanthu. Akazi awo atatchula za kuchipatala, iwo anati, "Ndikukumvani bwinobwino, kungoti zambiri zimene mumanena sizifuna yankho." Mayiwo anangowayang'ana, n'kupitiriza kupukuta mbale.

Zinthu zinaonongeka pa msonkhano wa pachaka. Kalabu inkakumana m'kalasi ina imene inkabwerekedwa ndi Aphunzitsi, mayi wa zaka za m'ma 40, mlembi wa kalabu, yemwe ankaphunzitsa sayansi ndipo ankawotcherera mawaya mwaudongo kuposa madala onse. Tsikulo panali tiyi, mabisiketi, ndi tebulo la zipangizo zosinthana. A Makutu anawerama pa tebulopo akusankha tizitsulo, ndipo a Dalaivala, mdala wina wonenepa amene anapuma ntchito yoyendetsa mabasi, anawaitana kumbuyo kwawo katatu konse. Sanatembenuke. Kalasi yonse inaona.

A Telala, m'malo mosunga pakamwa, anati, "Achimwene, makutu anu apuma ntchito osakulemberani kalata. Bwanji mpando wa Lamlungu muzisinthana ndi Aphunzitsi? Mlongoti ukhale wanu, makutu akhale awo."

Izi a Makutu anazimva zonse, popeza a Telala ankayankhula atawayang'ana kumaso. Anthu anaseka, kuseka kwa chikondi ndithu. Koma nthabwala ikagunda pachilonda siikhalanso nthabwala.

"Chatha ndi kabokosi kanu kaja," a Makutu anatero. "Zaka zonsezi ndakhala ndikukunyamulani ngati katundu. Popanda ine, palibe angadziwe kuti muli moyo."

Kuseka kunazima. A Telala anavula tepi m'khosi, anaipinda bwinobwino, anaiika m'thumba, n'kupita kukadikira basi tiyi wawo asanamalize.

Sabata yomweyo a Makutu anadwala chimfine chimene chinatseka khutu lakumanja, lija linkayesetsabe. Chimfine chinatha, khutu silinatseguke. Lamlungu litafika anaitana mzere wonse, n'kufika pa nambala yomaliza. Kale akafika pamenepa ankatsinzina, n'kupotoza kabatani pang'onopang'ono, n'kudikira ngakhale mphindi ziwiri. Tsikuli mtima unali ukadali wotupa. Anaitana, anawerenga chamumtima mpaka zisanu, anamva phokoso lokhalokha, ndipo anati, "Palibe yankho. Tatseka."

Lamlungu lotsatira chimodzimodzi. Linalo chimodzimodzi. Anadziuza kuti a Telala anyanyala, ndipo nkhaniyi inawakomera chifukwa inkasiya makutu awo pamtendere. Mamembala ena sakanatsutsa, poti a Telala sankawamva ndi kale lomwe. Sabata yachisanu akazi awo anaswa lamulo la babu lofiira, anasuzumira pakhomo atanyamula kapu ya tiyi.

"Bambo, ngati muli kamawu mmenemo."

Iwo anatseka maikolofoni ndi dzanja. "Mwayamba liti kudziwa za wailesi inu? Tsekani chitseko."

A Telala atajomba msonkhano wa pamwezi kachiwiri, Aphunzitsi anati bwanji wina akawaone. A Makutu anakana. "Ndimamudziwa ine munthu uja, zaka 30. Akakwiya amafuna womunyengerera. Musiyeni, akaphwa abwera yekha." Poti mawu a a Makutu pa nkhani ya a Telala ankatengedwa ngati omaliza, anthu anamvera. Anadutsa masabata 14.

Uthenga unabwera ndi a Dalaivala Lachitatu m'mawa, atakwera chitunda ndi galimoto yawo yotsokomola. A Telala atisiya dzulo kuchipatala, chifuwa. Anali atadwala miyezi itatu. A Makutu anafunsa kawiri, osati chifukwa sanamve. Ku maliro anakhala kumbuyo, pakati pa anthu ambiri, ndipo anachoka osaonana maso ndi mayi wamasiye.

Koma kalabu inali ndi ntchito ina imene sakanaithawa. Membala akamwalira, atatu ankapita kunyumba kwake kukalemba zipangizo zonse ndi kuzimata mapepala, kuti banja lidziwe chimene chili chamtengo ndi chimene chili chotaya, lisapusitsidwe ndi ogula. Wailesi yokha ankaisiya yolumikiza mpaka kuitana komaliza kutachitika, kuti abanja amvere. Anapita Loweruka la sabata yotsatira, a Makutu, Aphunzitsi ndi a Dalaivala.

Akazi a a Telala anawalandira pakhonde, pafupi ndi makina osokera ofundidwa nsalu. Anali mayi wamfupi, woyankhula motsitsa. Kwa Aphunzitsi ndi a Dalaivala anapereka moni wautali. Kwa a Makutu, amene zaka zonsezi ankawatcha alamu n'kumawasungira mpando wa khushoni, anangoti, "Mwafika," maso ali kumbali. Anawatsogolera kuchipinda, n'kuima pakhomo atapinda manja.

Chipindacho chinali chaching'ono kuposa chawo. Bokosi la wailesi linali pa shelefu, pambali pake mabotolo a mankhwala, ndipo mpando unali utasendezedwa pafupi ndi bedi. Aphunzitsi anayamba kulemba, a Dalaivala kumata. A Makutu anatenga kope limene linali pamwamba pa bokosilo. Aliyense wa wailesi amasunga kope lotere, lolembamo tsiku, nthawi ndi amene wayankhula naye. Anatsegula chakumapeto, akufuna kuona tsiku limene mnzawo anasiya kuyatsa wailesi.

Tsikulo munalibe. Lamlungu lililonse linali ndi mzere wake, m'zilembo zopendekera za a Telala.

"Ndayankha katatu. Akuti palibe yankho."

"Ndayankha. Palibe yankho ati."

"Ndasintha batire. Chimodzimodzi."

"Ndakweza waya pa nthambi ya pamwamba. Ndayankha. Chimodzimodzi. Ndiye kuti si wailesi."

"Akadali okwiya."

Masamba awiri otsatira zilembo zinayamba kukula ndi kugwedera. "Lero ndapepesa pa wailesi za ku msonkhano. Sanalandire." Pansi pake: "Ndawauza kuti adokotala apeza chinthu m'chifuwa. Atseka." Mzere womaliza unali wa Lamlungu lapitalo asanawatengere kuchipatala: "Mpweya wachepa, ndangomvera. Nambala yanga aiitana ndithu."

A Makutu anaima pamenepo, kope lili m'manja. Sanazindikire kuti Aphunzitsi asiya kulemba ndipo akuwerenga nawo paphewa. Mayi wamasiye anayamba kuyankhula ali pakhomo paja, motsitsa, nkhope itayang'ana ku zenera. A Makutu ankangoona milomo. Anagwirako zidutswa: kukuwa mpaka agalu a oyandikana nawo, makwerero, munthu wodwala pa mtengo, kuletsa ana kuimba foni. Anagwedeza mutu monga ankachitira masiku amenewo munthu akamayankhula, ndipo mayiwo anawayang'ana koyamba tsikulo, mowadabwa, n'kutuluka. Kaya anavomereza chiyani, mpaka lero sakudziwa.

Pobwerera pa galimoto ya a Dalaivala anadutsa mlatho. Kenako Aphunzitsi, amene anakhala kumbuyo, anaweramira kutsogolo n'kuyankhula mokweza, mawu amodziamodzi, monga amachitira ndi mwana wa kumbuyo kwa kalasi.

"Bambo, ine ndine mlembi, ndipo anthu andifunsa. Munkawamva n'kuwasiya dala, kapena simunkawamva?"

Apa ndi pamene a Makutu anadziona mmene analili, ndipo sanadzikonde. Panali mayankho awiri, lina lowapanga munthu wouma mtima, lina lowapanga gonthi, ndipo anapeza kuti lilime lawo likuthamangira loyambalo. Kuli bwino anthu aziti anazunza mnzake wodwala, bola mpando ukhale. Atachita manyazi ndi zimenezo, anatulukira njira yachitatu, yoipa kuposa zonse ziwiri.

"Kabokosi kaja kanali katatha," anatero. "Ndinamuuza. Mwina mawu sankatuluka n'komwe."

A Dalaivala anayang'anitsitsa msewu. Aphunzitsi anabwerera pa mpando wawo. "Chabwino," anatero. "Tiona Lamlungu. A Dalaivala akakhala ndi abanja kuchigwa, ayankhira pa kabokosi komweko."

Kunyumba anapeza akazi awo akusita. Anakhala pa mpando wa pakhomo la khitchini osavula nsapato, ndipo patapita nthawi anafunsa, osawayang'ana.

"Mayi, tsiku lija munati muli kamawu. Linali tsiku lokhalo?"

Mayiwo anaimika simbi. Anabwera kudzaima patsogolo pawo kuti awaone pakamwa, chinthu chimene anali atayamba kuchita chaka chathachi popanda kuuzidwa.

"Masabata onse, bambo. Ndikamadutsa pakhomo ndinkakamva. Mawu ake sindinkawazindikira, koma munthu ankayankhula."

"Osandiuzanso bwanji?"

"Munati nditseke chitseko. Ndinatseka." Anapukuta manja pa epuloni. "Nanenso ndili ndi mlandu wanga, musaganize kuti ndikugona bwino. Ndinkati ndi zanu za amuna awiri, muthana. Ndikanakwera basi ine."

A Makutu sanadye tsikulo. Ankayenda kuchoka pa mlongoti kufika pa geti n'kubwerera, ngati munthu woyembekeza alendo. Madzi akatayika saoleka, izo ankadziwa. Chimene chinkawazunguza mutu n'chakuti mawa lake, 4 koloko, iwo omwewo anayenera kuitana nambala ija katatu pamaso pa kalabu yonse ndi banja la malemu, n'kulengeza kuti yakhala chete. Anali atalengeza kale zimenezo kakhumi ndi kanayi munthu ali moyo. Madzulo anachita chinthu chimene sanachitepo kwa membala aliyense: anabwereka foni ya akazi awo, n'kupempha Aphunzitsi kuti mawa adzakhale nawo pachitunda. Sananene chifukwa. Pansi pa mtima ankasungabe kachiyembekezo kochititsa manyazi, kakuti mwina bokosi lija lipezeka lakufadi.

Aphunzitsi anafika nthawi isanakwane, thukuta lili kamukamu ndi chitunda. A Makutu anali atavala shati yoyera, ndipo pambali pa mpando wawo anaikapo wina. Anayatsa babu lofiira. Akazi awo anaima pakhomo, chitseko chili chotsegula, ndipo palibe anawathamangitsa.

Anayamba kuitana. Mamembala anayankha mmodzimmodzi, mwachidule, popanda nkhani za milongoti. Onsewa anawamva, ena bwino, ena moperewera, ndipo ankalemba m'kaundula monga mwa masiku onse. Anafika pa nambala ya a Dalaivala, anaitana, n'kusiya maikolofoni. Anatsinzina. Anapotoza kabatani kumanzere, kumanja. Anasendeza khutu mpaka kukhudza nsalu ya sipika. Munali phokoso, loyera, lofanana paliponse. Mtima unadumpha ndi chimwemwe choipa: mwaona, kabokosi n'kakufa. Anatsegula maso kuti anene zimenezo, ndipo anapeza Aphunzitsi akulemba pa pepala, mutu utapendekera ku sipika. Pakhomo akazi awo anali atagwira pakamwa.

Aphunzitsi anawasendezera pepalalo. "Ayankha. Akuti ali ndi mayi ndi ana onse, akukumvani bwino. Mawu ndi ochepa koma akumveka onse."

A Makutu anawerenga kawiri. Anatenga maikolofoni, ndipo chala chinakanika kupeza batani limene chinalidina zaka 21.

"Anzanga," anatero, "ndisanaitane, mundilole. A Dalaivala angoyankha kumene pa wailesi ya a Telala. Aphunzitsi awamva. Akazi anga awamva ali pakhomo. Ine sindinamve kanthu. Makutu anga anatha, papita chaka ndi theka, ndipo ndakhala ndikubisa chifukwa ndimafuna mpando uno. A Telala ananena zoona ku msonkhano kuja, ine n'kuwatukwana. Masabata 14 ndinakuuzani kuti palibe yankho. Yankho linkabwera sabata ndi sabata, lili m'kope mwawo. Anapepesa, anatiuza kuti akudwala, ine n'kutseka. Aphunzitsi atafuna kukawaona, ndinawaletsa ndine. Dzulo ndinanamizira wailesi yawo. Wailesi yawo ilibe vuto. Mayi, alamu anga, ngati mukumva, sindinawasiye dala amuna anu, koma zimenezo sizichepetsa kanthu."

Anapuma, anapukuta kumaso ndi mkono wa shati. Kenako anaitana nambala ya a Telala, chilembo chimodzichimodzi, n'kudikira. Anaitana kachiwiri, n'kudikira nthawi yaitali kuposa imene anadikirapo pa masabata onse aja kuphatikiza pamodzi. Anaitana kachitatu. Anawerenga mpaka makumi awiri, anakoka mpweya kuti anene mawu otsekera, ndipo Aphunzitsi anawagwira mkono.

"Dikirani. Muli munthu."

Pa kuitana komaliza sipayankha munthu, aliyense m'kalabu ankadziwa. Koma a Dalaivala kuchigwa kuja anali atapereka maikolofoni kwa mayi wamasiye, ndipo lamulo limenelo silinali la mayiwo. A Makutu anakhala akuyang'ana sipika. Ankaona Aphunzitsi akumvetsera, nkhope ikusintha, pensulo itaima. Ankaona akazi awo akupukuta maso ndi epuloni. M'nyumba yawoyawo, pa wailesi yawoyawo, munthu ankawayankhula, ndipo iwo okha ndi amene sankamva. Zinatenga nthawi.

"Akuti chiyani?" anafunsa.

Aphunzitsi anazengereza.

"Musadule kanthu. Nenani mmene anenera."

Aphunzitsi anatembenuza mpando kuti ayang'anane. "Akuti amva zonse, ndipo akukhulupirira. Akuti malemu akanamva zimenezi akanapepukidwa, chifukwa anapita akuganiza kuti mwawataya. Akuti za makutu sakukuimbani mlandu, matenda sasankha munthu." Anaika pensulo pa tebulo. "Koma akuti miyendo munali nayo, alamu. Mabasi awiri okha."

A Makutu anagwedeza mutu, ulendo uno akudziwa chimene akuvomera. Ena onse m'kalabu sanamve mawu a kuchigwa, ankangodikira m'nyumba zawo, ndipo mwa lamulo la Lamlungu woitana anayenera kuwabwerezera. Anadina batani n'kubwereza zonse, mpaka za mabasi, osachotsa liwu limodzi. Kenako anaimirira, anakankhira maikolofoni ndi kaundula kwa Aphunzitsi, n'kuwakokera mpando wawo uja wa zaka 21.

"Tsekani ndinu," anatero. "Ine sindingadziwe ngati amaliza kuyankhula."

Aphunzitsi anakhala pa mpandopo, anapendeketsa mutu, n'kuyamba kudikira.